Kuphunzitsa ana zamagetsi ndi singano ndi ulusi: ndinaphonya pati?

Mphunzitsi wa kalabu ya ana:

Moni nonse a pagulu lino. Ndimayang'anira kalabu ya sayansi ya ana a zaka 9 mpaka 12, ndipo ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa mtendere sabata yonseyi. Kwa miyezi ingapo takhala tikuphunzira za magetsi pogwiritsa ntchito mawaya, mababu ndi mabatire, koma ndinaona kuti ana akungoloweza chithunzi chimene ndimajambula pa bolodi, ndipo phunziro likatha timaphwasula zonse n'kubwezera m'bokosi, moti mwana amapita kwawo chimanjamanja. Ndinaganiza zoyesa njira ina, yoti mwana aliyense asoke chibangili cha nsalu chokhala ndi kababu kamodzi ka LED, pogwiritsa ntchito ulusi wodutsa magetsi ndi batire yaing'ono yozungulira ya CR2032, kuti chimene wapangacho achivale n'kukaonetsa makolo ake.

Pa ana 14 amene analipo, zibangili zinayi zokha ndi zimene zinayaka. Theka la nthawi linathera pa kulowetsa ulusi pasingano ndi kumasula ulusi wokolana, ndipo mtsikana amene anasoka mwaluso kuposa anzake onse ndi amene analira, chifukwa chibangili chake sichinayake pamene cha mnzake chosokedwa mwachisawawa chinayaka. Inenso ndinalephera kumuuza msanga chimene chinalakwika, ndipo zimenezi zinandipweteka mtima kwambiri. Ndikupempha amene munachitapo ntchito imeneyi ndi ana kuti mundiuze pamene ndinaphonya, komanso ngati n'koyenera kupitiriza kapena ndibwerere ku mawaya.

Mayi telala wopuma pantchito:

Aphunzitsi, musabwerere ku mawaya. Ine ndasoka kwa zaka zoposa 30, ndipo masiku ano ndimasoka timababu timeneti ndi adzukulu anga. Chimene ndikuona n'chakuti munapatsa ana zinthu ziwiri zachilendo tsiku limodzi, kusoka ndi magetsi, ndipo mwana amene dzanja lake silinazolowere singano sangathe kuganiziranso za kumene magetsi akulowera ndi kumene akutulukira. Tsiku loyamba pasakhale batire n'komwe. Apatseni ulusi wamba wa mtundu wowala, singano ya bowo lalikulu ndi nsalu ya felt, yochindikala ndi yofewa, poti imeneyi siyoyoka m'mphepete ikadulidwa ndipo singano imalowa mosavuta. Jambulani mzere ndi choko, ndipo mwana aliyense atsate mzerewo ndi msoko wolowa ndi kutuluka, misoko yaifupi yosapitirira theka la sentimita. Aphunzirenso kumanga mfundo poyambira ndi pomalizira, mpaka azichita osakufunsani.

Ndikunena zimenezi chifukwa ulusi wodutsa magetsi uli ndi khalidwe lake. Umene umapangidwa ndi chitsulo chosachita dzimbiri ndi wokhakhala, umapotana, nsonga yake imabalalika ikangodulidwa, ndipo mfundo yake imamasuka yokha mukaisiya choncho. Mwana musamupatse ulusi wautali, muzimudulira wongoyambira kunsonga ya chala kufika pachigongono ndi kuwonjezerapo pang'ono. Mfundo iliyonse mukaimanga, dulani mchira wake ufupike ndipo dontherezanipo kyutekisi wopanda mtundu kapena guluu wa nsalu. Pamene ulusi ukugwira mwendo wa kababu kapena bowo la chosungira batire, mwana azungulize katatu kapena kanayi ndipo akoke mpaka pathine, chifukwa msoko wolenjekeka umene ungagwire batani la malaya sungagwire magetsi.

Za mtsikana amene analirayo, ndikukhulupirira kuti munangoyang'ana kumaso kwa nsalu. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Tembenuzani chibangili chake muone kumbuyo.

Bambo wokonza zipangizo zamagetsi:

Ndikugwirizana ndi amayi pa zonse zimene anena, ndipo ndiwonjezere mbali yanga. Chibangili cha kababu kamodzi chikakana kuyaka, nthawi zambiri cholakwika chimakhala chimodzi mwa zinthu zochepa kwambiri, ndipo mphunzitsi akazidziwa amatha kuzipeza m'mphindi imodzi.

Choyamba ndi kababu kotembenuzidwa. LED si babu wamba, imalola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha. Mwendo wautali umapita ku pulasi, mwendo waufupi ku mainasi. Vuto n'lakuti posoka timapinda miyendoyo ndi pulayasi kuti ikhale ngati timphete tolowetsamo ulusi, ndipo ikapindidwa simungadziwenso wautali ndi uti. Ine ndimapinda mwendo wautali mozungulira, waufupi ndimaupinda wa makona anayi, kapena ndimadetsa umodzi ndi cholembera tisanayambe. Komanso mwana aliyense asanagwire singano, atenge kababu kake apanikize miyendo yake mbali ziwiri za batire, aone kakuyaka, kenako atembenuze aone kakukana. Phunziro limeneli limatenga masekondi ochepa koma sililephera kukhazikika m'mutu.

Chachiwiri ndi chimene ndikuganiza kuti chinachitikira mtsikana wanu, ndipo chimakonda kugwira ana amene amasoka bwino. Mwana wodziwa kusoka anazolowera kuti msoko wabwino sudukiza. Ndiye amachoka ku pulasi ya batire, n'kufika pa mwendo woyamba wa kababu, n'kupitiriza ndi ulusi womwewo kudutsa pansi pa kababu kufika pa mwendo wachiwiri, n'kubwerera ku mainasi. Pamenepo magetsi apeza njira yachidule yolambalala kababu, chimene timachitcha shoti, ndipo kababu sikayaka ngakhale msoko utakongola bwanji, batire nayo imatha msanga ndipo mwina imafunda. Payenera kukhala ulusi uwiri wosiyana, wina wa pulasi ndi wina wa mainasi, ndipo chowalumikiza chikhale kababu kokha. Shoti imachitikanso pamene michira ya mfundo ikukhudzana kumbuyo kwa nsalu, ngakhale kaubweya kamodzi kokha ka ulusi kosaoneka bwino ndi maso. Chotsalira ndi msoko wolenjekeka umene amayi anena kale, ndi batire yolowetsedwa chadodolido.

Ngati mungapeze multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, ikani pamene imalira zinthu ziwiri zikalumikizana, chotsani batire, ndipo ana ayeze okha. Kuchokera ku pulasi kufika pa mwendo wa pulasi iyenera kulira, ku mainasi chimodzimodzi, koma pakati pa ulusi wa pulasi ndi wa mainasi siyenera kulira. Ana amakonda kwambiri kulira kumeneku.

Mwina mwana wina adzakufunsani chifukwa chake simukuika resistor, kachipangizo kochepetsa magetsi odutsa, monga zimaonekera m'zithunzi za m'mabuku. Batire ya CR2032 imapereka mavolti 3, koma ili ndi kukaniza kwake kwa m'kati kumene kumailepheretsa kutulutsa mphamvu yambiri nthawi imodzi, n'chifukwa chake kababu sikapsa. Mukadzasintha n'kugwiritsa ntchito mabatire a AA kapena batire ya mavolti 9, resistor idzafunika, apo ayi kababu kadzapsa. Dzina la batireyo nalonso ndi phunziro: 20 ndi mamilimita a kukula kwake, ndipo 32 akutanthauza kuti ndi yochindikala mamilimita 3.2.

Namwino wa ana:

Pepani kuti ndikulowa pakati ndi nkhani yolemetsa, koma sindingathe kukhala chete pamene batire imeneyi yatchulidwa. Mavolti 3 sangagwire mwana ngakhale atakhudza ulusi ndi manja onyowa, choncho pamenepo palibe choopsa. Choopsa ndi kumeza. Batire ya mamilimita 20 imakonda kukakamira pammero pa mwana wamng'ono, m'njira imene chakudya chimadutsa, ndipo ikakhala pamalo onyowa magetsi ake amasintha madzi a m'thupi kukhala mankhwala owotcha ofanana ndi soda yoopsa yotsukira mapaipi. Mnofu ungayambe kuwonongeka kwambiri m'maola awiri okha, ndipo chilondacho chingaboole mpaka kufika pa mtsempha waukulu wa magazi. Batire imene tikuti yatha, yoti singayatsenso kababu, imakhalabe ndi mphamvu yokwanira kuwotcha. Vutoli ndi lalikulu moti mu 2022 dziko la America linakhazikitsa lamulo lokakamiza opanga katundu kutseka molimba malo a mabatire amenewa, ndipo m'chaka chomwecho malamulo otere anayamba kugwira ntchito ku Australia.

Aphunzitsi, ana anu a zaka 9 mpaka 12 si amene ndikuwadera nkhawa kwenikweni. Ndikuganizira azing'ono awo kunyumba, makamaka osakwana zaka 6, chifukwa chibangili choyaka chimakopa mwana wokwawa kuposa chidole china chilichonse, ndipo zosungira batire zambiri zosokerera pa nsalu n'zotseguka mbali imodzi, batire imatuluka mukangoikankha ndi chala. Muziwerenga mabatire poyamba ndi pomaliza phunziro. Chibangili chikamapita kunyumba, batire ikhale yotsekeredwa m'kathumba kosokedwa mbali zonse, ndipo makolo auzidwe mwa kalata kuti muli chiyani. Mabatire akutha muziwamata tepi mbali zonse ziwiri musanawataye pamalo oyenera. Ngati mukukayikira kuti mwana wameza batire, kapena waiika m'mphuno kapena m'khutu, musamusanzitse ndipo musadikire zizindikiro, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo n'kunena momveka kuti ndi batire.

Mphunzitsi wa kalabu ya ana:

Zikomo kwambiri anamwino, zibangili zinayi zija zinapita kunyumba ndi mabatire ake ndipo sindinalembere makolo kalikonse. Ndawaimbira onse anayi madzulo ano, ndipo mabatire achotsedwa. Abambo, ndatembenuza chibangili cha mtsikana uja monga amayi ananenera, ndipo zili ndendende mmene mwafotokozera: ulusi umodzi wokongola wadutsa pansi pa kababu osadukiza.

Bambo wa ana awiri:

Ndakhala ndikuwerenga mwachidwi, koma ndili ndi funso limene mwina ena alinalo koma akuchita manyazi kufunsa. Kodi ntchito yonseyi ikupindulitsa mwana chiyani chimene mawaya sangamupatse? Ndikuona kuti maola awiri kapena atatu akuthera pa kusoka kuti kababu kamodzi kayake, pamene ndi mawaya kangayake m'mphindi ziwiri ndipo mwana angapitirire ku zinthu zazikulu monga kulemba mapulogalamu. Ndinenenso zoona, mwana wanga wamwamuna nditamuonetsa zithunzi za zinthu zoterezi anakana, anati kusoka ndi kwa atsikana. Sindinasangalale ndi yankho lakelo, koma ndinasowa chomuyankha chimene chikanamugwira mtima.

Wophunzira zamakompyuta:

Abambo, funso lanu ndi loyenera, ndipo ndiyesa kuyankha monga munthu amene analowa m'maphunziro a makompyuta kudzera pakhomo limeneli. Kuchedwa kumene mukukuonako ndi kumene kuli phunziro. Mwana akalumikiza mawaya okutidwa ndi pulasitiki, mawayawo angapingasane mmene angafunire popanda vuto, ndipo akalakwitsa amangosolola n'kuyesa bowo lina mpaka mwamwayi kayake, osadziwa chimene wakonza. Ulusi wodutsa magetsi ndi wosakutidwa, choncho njira ya pulasi ndi ya mainasi siziyenera kukhudzana paliponse, ndipo kumasula msoko kumawawa. Mwana amakakamizika kujambula njira yake asanasoke, kuganiza kumene ulusi udutse, ndi kuitsata ndi chala ikakana. Njira yonse ya magetsi imakhala poyera, palibe chobisika.

Nkhani imeneyi ili ndi mbiri yake. Mu 2007 Leah Buechley, amene panthawiyo anali pa University of Colorado ku Boulder, anatulutsa LilyPad Arduino mogwirizana ndi kampani ya SparkFun. Kanali kakompyuta kozungulira kokula pafupifupi masentimita 5, kokhala ndi mabowo aakulu m'mphepete kuti kasokedwe pa nsalu m'malo mowotcherera mawaya. Patatha zaka zitatu, iye ndi Benjamin Mako Hill anafufuza zinthu zimene anthu anapanga n'kuziika pa intaneti, ndipo anapeza kuti pa zopangidwa ndi LilyPad, 65 pa 100 zilizonse zinapangidwa ndi akazi, pamene pa zopangidwa ndi Arduino wamba, kakompyuta kolumikizidwa ndi mawaya, zinali 2 zokha pa 100. Zam'kati mwa zipangizo ziwirizi n'zofanana ndipo pulogalamu yake ndi imodzi, chimene chinasintha ndi chida chogwirira ntchito basi. Ine ndimaona kuti zimenezi zikutiuza kuti ana ambiri amene timawayesa opanda chidwi ndi zamagetsi sanapatsidwe khomo lowayenera.

Mwana wanuyo mukamuuze izi. Makadi oboola amene Charles Babbage anafuna kugwiritsa ntchito poyendetsa makina ake owerengera anawatengera ku makina oluka nsalu a Joseph Marie Jacquard a mu 1804. Ndipo pulogalamu ya kompyuta imene inatsogolera chombo cha Apollo kukatera pa mwezi mu 1969 inalukidwa ndi manja ku fakitale ya Raytheon, makamaka ndi amayi, amene ankalowetsa waya m'timphete ta maginito pogwiritsa ntchito singano yaikulu. Waya ukadutsa m'kati mwa kamphete inali 1, ukalambalala inali 0. Akanaphonya kamphete kamodzi, pulogalamu ikanalakwika.

Mayi telala wopuma pantchito:

Nkhani ya mwezi imeneyi sindinkaidziwa mwanangu, ndipo ndikaifotokozera adzukulu anga. Abambo, ine ndaona kuti mnyamata amakana mawu akuti kusoka, koma sakana chinthu chimene akuchifuna. Mdzukulu wanga wamwamuna sindinamuuze kuti bwera udzasoke. Ndinamufunsa chimene angakonde kuti chiziyaka, iye anati chipewa chake, kuti azioneka akamapalasa njinga kukachita mdima. Anakhala maola awiri osanyamuka, anadzibaya chala kawiri ndipo sanadandaule. Musayambe ndi chitsanzo chimodzi cha maluwa kuti onse atengere. Mwana asankhe yekha chimene apange, kaya ndi maso a chilombo, kaya ndi nyenyezi pa chikwama cha mabuku, ndipo singano adzaipempha yekha.

Bambo wokonza zipangizo zamagetsi:

Pali pamodzi pamene ndikusiyana pang'ono ndi amayi. Iwo akuti tsiku loyamba likhale la singano yokha. Ine ndikuopa kuti ana amene anabwera ku kalabu ya sayansi kudzaona magetsi angagwe ulesi akapita kwawo osaona chilichonse chikuyaka. Ndingakonde kuti tsiku loyamba apange njira ya magetsi papepala ndi tepi ya kopa, kababu ndi batire yopanikizidwa pakona ya pepala lopinda. Zimenezi zimatheka m'mphindi zochepa, ndipo mwana amaphunzira za pulasi, mainasi ndi mpata umene uyenera kusiyidwa pansi pa kababu popanda kulimbana ndi ulusi. Si maganizo anga ndekha. Maphunziro otchedwa Stitching the Loop, amene Yasmin Kafai wa pa University of Pennsylvania ndi Deborah Fields anakonza ndi anzawo kuti aziphunzitsidwa m'masukulu a sekondale ku America, amayamba ndi khadi la pepala asanafike pa chibangili cha nsalu.

Mayi telala wopuma pantchito:

Abambo, sitikutsutsana kwenikweni. Chimene ndikukana ine ndi kuphatikiza ziwirizi pa nsalu imodzi tsiku loyamba. Pepala lanulo lichitike, kenako theka lotsala la nthawi agwire singano ndi ulusi wamba. Koma ndikupempha kuti kusoka kusatengedwe ngati kachinthu kongodutsapo pothamangira ku magetsi. Kukoka ulusi mosathinitsa kapena kulekerera, kubisa mfundo, kudziwa nsalu imene imatamuka ndi imene sitamuka, zonsezi ndi nzeru zofunika nthawi, ndipo pa ntchito imeneyi msoko woipa ndi waya woipa. Nsalu yotamuka ngati ya sikipa imadula kapena kumasula ulusi wa chitsulo mwana akavala, chifukwa nsalu imakoka pamene ulusiwo sukoka, choncho oyamba kumene asaigwiritse ntchito.

Mphunzitsi wa kalabu ya ana:

Ndabweranso patatha milungu iwiri kuti ndikuuzeni mmene zayendera. Mlungu woyamba tinachita monga mwagwirizanirana, pepala poyamba kenako singano ndi ulusi wamba. Mlungu wachiwiri ndinabweza zibangili zakufa zija kwa eni ake, ndipo ndinadziletsa kuwauza cholakwika, ngakhale kuti pakamwa pankandiyabwa. Mwana aliyense ndinamuuza kuti ajambule papepala njira imene anasoka, pulasi ndi cholembera chofiira, mainasi ndi chakuda, kenako aike chala pa batire n'kuyenda ngati iyeyo ndiye magetsi. Mtsikana uja chala chake chitafika pa kababu anaima, anayang'ana pepala la mlungu watha pamene panali mpata, n'kunena yekha kuti magetsi ake sakulowa m'kababu chifukwa wawapangira mlatho. Anapempha sizasi, anadula msoko umodzi wokha, anamanga mfundo ziwiri, ndipo kababu kanayaka. Chimene chinandisangalatsa kwambiri n'chakuti sanakhale pansi kusirira chake, anapita kwa anzake awiri amene anali ndi vuto lomwelo n'kuwauza kuti ayendetse chala.

Tsopano ndaona kuti tsiku loyamba lija ndinkayesa phunziro powerenga zibangili zimene zayaka, pamene ana amene zawo zinayaka mwamwayi ndi amene akulephera kufotokoza chifukwa chake zinayaka. Mnyamata wa chibangili chosokedwa mwachisawawa uja ndinachita kumutembenuzira kababu mwadala kuti nayenso akhale ndi chofufuza.

Ndili ndi mafunso awiri atsopano. Mwana wina anawonjezera kababu kachiwiri, kabuluu pambali pa kofiira, ndipo kofiira kakuwala bwino pamene kabuluu kakungonyezimira pang'ono, ngakhale kuti pakokha kamayaka bwinobwino. Tayeza misoko yonse ndipo palibe cholakwika. Funso lina n'lakuti ana akufuna njira yozimitsira popanda kuchotsa batire.

Bambo wokonza zipangizo zamagetsi:

Mwana ameneyo sanalakwitse kanthu, wapeza yekha chinthu chimene ambiri amachiphunzira mochedwa. Mtundu uliwonse wa LED uli ndi mavolti ake amene umafuna kuti uyambe kuwala. Kofiira kamayamba pa mavolti pafupifupi 2, pamene kabuluu ndi koyera kamafuna pafupifupi 3. Mukatiika pa ulusi umodzi wa pulasi ndi umodzi wa mainasi, kofiira kamayamba kumwa magetsi msanga ndipo kamatsitsa mphamvu ya batire yaing'onoyo kufika pamene kabuluu sikangakwanitse. Njira yosavuta ndi kuphatikiza mitundu yofanana pa batire imodzi, kapena kuika resistor yaing'ono pa kofiira, kapena kugula timababu tosokerera timene timabwera ndi resistor yake kale. Mungawauzenso ana kuti kababu kabuluu kanavuta akatswiri kwa zaka zambiri. Kofiira kooneka ndi maso kanapangidwa ndi Nick Holonyak mu 1962, koma kabuluu kowala kanatheka m'zaka za m'ma 1990, ndipo Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura analandira mphoto ya Nobel mu 2014 chifukwa cha ntchito imeneyo.

Samalaninso kuti timababu tiwiri tisaikidwe motsatizana pa njira imodzi, kutanthauza kuti magetsi atuluke m'kamodzi n'kulowa m'kanzake, chifukwa pamenepo mavolti amene tikufuna amaphatikizana ndipo 3 sakwanira. Tikhale ngati masitepe a makwerero: ulusi wa pulasi mbali imodzi, wa mainasi mbali ina, timababu tili pakati.

Za swichi, gwiritsani ntchito mabatani achitsulo okanikiza aja amene amatseka zovala za makanda, koma akhale osapakidwa utoto. Dulani njira ya pulasi pakati, mbali imodzi isokeredwe ku theka la batani kumapeto kwa chibangili, mbali ina ku theka linalo kumapeto enawo. Mwana akavala n'kutseka batani, njira yatsekeka ndipo kababu kayaka, akavula kazima. Palibe chithunzi cha pa bolodi chimene chingafotokoze swichi momveka kuposa pamenepo.

Bambo wa ana awiri:

Ndinamufunsa mwana wanga funso la amayi lija, ndipo anati akufuna magolovesi oyaka akafumbata dzanja. Tayamba dzulo. Ndifunse zinthu ziwiri: kodi chinthu choterechi chimachapidwa, ndipo ndi liti pamene mwana angayambe kulamula timababu ndi pulogalamu?

Mayi telala wopuma pantchito:

Chimachapidwa abambo, koma chotsani batire kaye, chapani ndi manja m'madzi ozizira osafinya mopotokola, ndipo chiume kotheratu musanabwezeremo batire. Ulusi wa chitsulo chosachita dzimbiri umapirira madzi, pamene wokutidwa ndi siliva, ngakhale uli wofewa ndi wosavuta kusoka, umada pakapita nthawi ndipo umayamba kudutsa magetsi movutikira. Magolovesi amatamuka, choncho sokani njira yonse pa kachidutswa ka felt kenako mukasokerere pa golovesi ndi ulusi wamba. Kumbuyo matanipo kansalu kena kuti ulusi usakhudze khungu, chifukwa thukuta limadutsa magetsi pang'ono ndipo limamaliza batire.

Wophunzira zamakompyuta:

Pa funso lachiwiri, ine ndinganene kuti mwana ndi wokonzeka pamene angathe kusoka timababu titatu ndi swichi, ndipo chikakana n'kupeza yekha cholakwika. Mukafulumira, chinthu chikadzakana adzasowa podziwira ngati vuto lili mu msoko kapena mu pulogalamu, ndipo kusokonezeka kumeneko n'kumene kumagwetsa ana ulesi. Nthawi ikakwana, pali micro:bit, kompyuta yaing'ono imene BBC inagawa kwa ana a sukulu ku Britain mu 2016, yokhala ndi timababu 25, mabatani awiri ndi kachipangizo komva kugwedezeka. Pulogalamu yake imalembedwa pa MakeCode polumikiza timabokosi ta malamulo ngati njerwa, moti mwana salimbana ndi kalembedwe. Ili ndi mabowo aakulu asanu, koma pakati pake pali timizere tating'ono ta chitsulo timene ulusi ungakhudze n'kuchititsa shoti, choncho timateni tepi musanasoke. Kompyuta ina yaing'ono, Circuit Playground Express ya kampani ya Adafruit, ndi yozungulira, ili ndi timababu 10 tosintha mitundu ndi zomvera kuwala, phokoso ndi kutentha, ndipo mabowo ake ndi otalikirana bwino posoka.

Poyamba mwana alumikize zonse ndi mawaya a timano topanira, ayese pulogalamu, ndipo asoke pokhapokha zonse zikugwira ntchito. Kumbukiraninso kuti ulusi umakaniza magetsi kwambiri kuposa waya wa kopa, ma ohm (muyeso wa kukanizako) makumi angapo pa mita imodzi, choncho njira ikatalika kababu kakumapeto kamawala mofooka. Batire ikhale pafupi ndi timababu. Kwa ana ndingasankhe mabatire a AAA m'kabokosi kotseka, osati mabatire ofewa a lithium polymer, chifukwa amenewo akabooledwa ndi singano kapena kupindidwa angathe kugwira moto.

Namwino wa ana:

Abambo, pa magolovesi amenewo batire isakhale pamalo pamene mwana angafikepo ndi mano, chifukwa ana ambiri amavula magolovesi poluma nsonga ya chala.

Mphunzitsi wa kalabu ya ana:

Ndalemba zonse. Mlungu uno tisoka mabatani okanikiza, ndipo mwana wa kababu kabuluu uja ndamupempha kuti aimirire kutsogolo aonetse anzake chimene anapeza, ayese kofiira ndi kachikasu, kenako kabuluu ndi koyera, anzake azilosera asanalumikize. Za micro:bit tidikira mpaka teremu ya mawa. Amayi, ndikupemphani kuti mundifotokozere mmene mumasokera kathumba ka batire kotsekeka mbali zonse koma koti kholo lingathe kukatsegula batire ikatha, chifukwa zimene ndayesa ine mwina zikuthina moti batire sikulowa, mwina zikulekerera moti sikukhudza ulusi.

Mayi telala wopuma pantchito:

Gwiritsani ntchito chosungira batire chogula kuti kukhudzana kukhale kolimba, ndipo kathumba kakhale kongochiphimba pamwamba. Dulani felt yoposa chosungiracho ndi theka la sentimita mbali zonse, sokani mbali zitatu ndi ulusi wamba wa mtundu wa nsaluyo, misoko yothithikana. Mbali yachinayi, imene batire imatulukira, muisoke payokha ndi ulusi wofiira ndi mfundo zakezake, kuti kholo likafuna kusintha batire lidule wofiirawo wokha n'kusokanso.